Kodi potassium hydroxide wa mu loshoni uja ndi kostiki?

Inde amayi, potassium hydroxide (mwachidule KOH) amene mukumuona kumbuyo kwa botolo la mafuta odzola ndi m'bale wake wa kostiki soda (sodium hydroxide), ndipo akakhala yekha amawotcha khungu mosanyengerera. Komatu musataye botololo msanga. Mu loshoni amathiramo kakang'ono zedi ndipo ntchito yake ndi yochepetsa asidi, poti khungu lathuli pH yake (muyezo wa asidi) imakhala cha m'ma 5, ndiye opanga akasakaniza zinthu zawo n'kuona kuti asidi wachuluka amadonthezamo KOH, awiriwo akakumana amathana mphamvu n'kusanduka mchere, pofika pa nkhope panu ukali uja kulibenso.

Si mlendo kwenikweni. Chidulo chomwe agogo ankatcheza kuchokera ku phulusa pophika therere chili ndi potassium carbonate, banja lake lomweli, kungoti KOH ndi waukali kuposa pamenepo.

Ife a mu famase pomwe timada nkhawa ndi pa mankhwala amene KOH amamusiya dala ali wamoyo kuti adye chinachake. Ofewetsera tikhungu ta m'mbali mwa zikhadabo, ofewetsera zikang'a, ndi ma rilaksa ena (mankhwala owongolera tsitsi). Malamulo a European Union amalola mpaka 5% mu za zikhadabo, 2% mu rilaksa wodzipaka kunyumba ndi 4.5% wa ku saluni. Ndiye pali bodza lokoma lija la no-lye (kutanthauza wopanda kostiki soda) pa bokosi la rilaksa, anthu amaganiza kuti ndi wofatsa pomwe nthawi zambiri angochotsa sodium hydroxide n'kuikamo mnzake, guanidine, lithium kapena potassium yemweyu. Mutu ukayamba kunyerenyetsa kenako kuwotcha ndiye wina n'kumati pirirani asisi tsitsi ligwire bwino, ayi, tsukani pompo, zilonda za pamutu zija ndi kupsa kumene ndipo pena tsitsi silimeranso. Mwana wamng'ono ndiye musamuyandikize n'komwe.

Enanu ku Harare, m'madera a Mufakose, Mabvuku ndi Mbare, mwayamba kupanga sopo wogulitsa, zabwino zedi. Kostiki soda amatulutsa sopo wolimba, KOH amatulutsa wofewa kapena wamadzi, ndipo muyezo wake ndi wosiyana, simungangosinthanitsa pa resipi imodzi. Amabwera ngati tizibenthu toyera tokoka chinyezi msanga, mukasiya chitini chosatseka mupeza tanyowa tokha. Thirani tizibenthuto m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa tizibenthu, chifukwa zimatentha n'kuthovoka. Poto wa aluminiyamu ayi, amadyeka n'kutulutsa mpweya woyaka. Magolovesi ndi magalasi oteteza maso valani ngakhale kutenthe bwanji.

Akakugwerani pakhungu vulani chovala chonyowacho, thirani madzi ambirimbiri kwa mphindi 20, za viniga kapena kupaka mafuta zisiyeni, ndipo ngati ndi m'maso tsukani kaye kenako thamangirani kuchipatala. Mipopi ya Harare mukuidziwa kuuma kwake, ndiye musatsegule chitinicho musanadzaze chigubu cha malita 20 n'kuchiika pambali panu.