Inki yonyezimira sitiyeza ngati inki wamba

Zomati "makina ayeza, nambala yatuluka bwino, ntchito ipite" pa ntchito yosindikiza ine zanditopetsa. Pa CMYK, inki zinayi zamasiku onse zosindikizira, mwina zingatheke, koma pa inki ya siliva, ya golide kapena ya pearl (yonyezimira ngati ngale) ayi ndithu. Mu inki ya siliva mumakhala tizidutswa ta aluminiyamu tathyathyathya, mu ya pearl muli tizidutswa ta mwala wotchedwa mica tokutidwa ndi titanium dioxide, ndiye kuwala kukagunda tizidutswa timeneti kumabwerera mbali imodzi ngati pagalasi, mukangopendeketsa pepala pang'ono mtundu wasintha kale. Tsono spectrophotometer yanu ya 45/0 ija, chida choyezera mtundu chomwe chimawalitsa pa madigiri 45 n'kuyang'ana pepala molunjika, imaona mbali imodzi basi, ikupatsani Delta E (nambala yosonyeza kusiyana kwa mitundu) yaing'ono inu n'kumasangalala chonsecho kunyezimira komwe kasitomala walipirako sikunayezedwe n'komwe. Za densitometer, yomwe imangoyeza kuchuluka kwa inki papepala, ndiye tisatchule.

Pali ntchito ina mpaka pano imandiwawa. Anali mabokosi a mafuta odzola, chizindikiro chake chasiliva. Oyambirira ankawala bwinobwino koma akumapeto anatuluka otuwa, akufa. Inki sinkatakasidwa, tizidutswa tija tinakhazikika pansi pa ndowa, kenako munthu ataona kuti sikuyenda bwino anangothiramo zosungunulira zambiri. Manambala sanadandaule kwenikweni. Kasitomala anangonyamula mabokosi awiri n'kuwapendeketsa pamaso pathu, katundu yense anabwezedwa, ndipo zikanaoneka msanga pakanakhala woyerekeza mapepala ndi sampulo ntchito ili mkati.

Chida choyenera ndi multi-angle, choona mbali zingapo, chimayeza pa madigiri 15, 25, 45, 75 ndi 110. Ngati mulibe, sampulo yosainidwa ndi kasitomala ikhale pambali pa makina osindikizira, youma, yopakidwa kale vanishi kapena lamineti chifukwa zimenezi zimasintha kuwala kwake, ndipo muziyerekeza ndi pepala lotuluka mu bokosi la kuwala kwa D50 (kofanana ndi kwa masana) monga muyezo wa ISO 3664 umanenera, uku mukupendeketsa zonse ziwiri limodzi. Inki ya fluorescent, yowala kwambiri ija, nayo imadalira UV, kuwala kosaoneka ndi maso, ndiye chida chiikeni pa M1, yomwe imayeza ndi UV yodziwika mlingo wake, osati pa M0.

Ndipo chonde samalani ndi anthu okutumizirani chithunzi pa WhatsApp kuti muvomereze mtundu. Sikirini ya foni singaonetse siliva, imaonetsa kutuwa chabe. Wina akakuuzani kuti makina ake amayeza inki iliyonse mofanana, mufunseni amayeza pa madigiri angati. Akayamba kuzungulira musamupatse ntchito, ndipo musadikire mapepala afike masauzande kuti muyambe kufunsa.