Bolodi yojambulidwa ku Blantyre, fayilo yokana kutseguka ku Dedza

M'mawa wina wa mu June, chisanu chitafika poti zala zimakanika kugwira waya, mnyamata wina wa ku Bembeke analowa mu shopu yanga pa boma atafumbata fulashi. Amaphunzira zamagetsi ku Blantyre, ndipo pa holide ankafuna kupangira bambo ake kachipangizo kozimitsa pampu ya sola ya kudimba thanki ikadzadza. Bolodi yake anali atajambula kale pa laputopu ya mnzake wa kusukulu. Titalowetsa fulashi pa kompyuta yanga, fayilo inakana kutseguka.

"Madala, ndiye kuti vairasi yandidyera ntchito yonse?"

Ndinamuuza kuti ayambe waotha mbaula, ntchito yake ilipo yonse.

Mukatsegula wailesi, tchaja ya foni kapena invata mumapezamo kabolodi kobiriwira kokhala ndi timizere ta mkuwa. Timizere timeneto ndiye mawaya ake, ndipo tisanafike pa bolodi timayamba tajambulidwa pa kompyuta. Mmisiri amajambula kawiri. Koyamba ndi schematic, chithunzi chongosonyeza kuti mwendo uwu wa chipangizo ulumikizane ndi uwo. Kachiwiri ndi bolodi yeniyeniyo, pomwe chipangizo chilichonse chimapatsidwa malo ake, bowo lililonse kukula kwake, mzere uliwonse kunenepa kwake. Akamaliza amatumiza ku fakitale, ndipo ambiri a ife timatumiza ku Shenzhen, ku China.

Mapulogalamu ojambulira alipo angapo, ndipo iliyonse imasunga ntchito m'chilankhulo chakechake. Altium Designer, yomwe makampani akuluakulu amakonda, ndi yodula ndipo imayenda pa Windows pokha. Proteus, yomwe ana asukulu ambiri amayambira, nayonso ndi ya Windows. EAGLE inkayenda pa Windows, Mac ndi Linux ndipo inali ndi anthu ambiri, koma kampani ya Autodesk, yomwe inaigula mu 2016, inalengeza kuti pa 7 June 2026 ndiye pothera pake. EasyEDA nthawi zambiri imatsegulidwa pa intaneti, choncho siisankha kompyuta, koma netiweki ikathawa m'mapiri muno umangoyang'ana sikirini. Yotsala ndi KiCad, yomwe Jean-Pierre Charras anayambitsa ku France mu 1992. Ndi yaulere, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo akatswiri a ku CERN, malo ofufuzira za sayansi ku Ulaya, anathandiza kwambiri kuikuza.

Chodabwitsa n'chakuti ine ndi mnyamata uja tonse tinali ndi KiCad. Kusiyana kwake, ya mnzakeyo inali 8, yanga inali 6. Kompyuta ya mu shopu ili ndi Ubuntu 22.04, womwe ndi mtundu wa Linux, ndipo KiCad imene imabwera nayo ndi 6, yotuluka mu December 2021. Chitulukireni imeneyo, yatsopano yakhala ikubwera chaka ndi chaka: 7 mu 2023, 8 mu 2024, 9 mu 2025. Yatsopano imatsegula fayilo yakale popanda kuvuta, koma yakale siimva zomwe yatsopano yalemba. Choipa kwambiri, ukatsegula ntchito yako yakale pa KiCad yatsopano n'kuisunga, yapita, kwako sikatsegukanso. Ndaonapo anthu awiri ogwira ntchito imodzi akuda kukhosi chifukwa cha zimenezi, wina akuganiza kuti mnzake wamuonongera dala.

Mankhwala ake anali kuika KiCad yatsopano, ndipo zinatidyera bandulo yosati masewera. Amene adakali ndi Windows 7 adziwe kuti KiCad ya masiku ano siingalowe pa kompyuta yawo.

Fayilo itatseguka, mnyamata anafuna kuwonjezera relay yachiwiri, swichi yoyatsidwa ndi kuzimitsidwa ndi magetsi. Pulogalamu inati footprint ya relay imeneyo siikupezeka. Footprint ndi phazi la chipangizo, kutanthauza malo enieni amene miyendo yake idzaponde pa bolodi. Mapazi a zipangizo zodziwika amabwera ndi pulogalamu, koma relay yake anagula pa msika, yopanda dzina lomveka, ndiye phazi lake anajambula yekha n'kulisunga mu foda ina pa laputopu ya mnzake. Mu fayilo munangolembedwa njira yopita ku foda imeneyo, yoyamba ndi C:\Users kenako dzina la mnzakeyo. Pa Linux kulibe C, ndipo mnzakeyo anali ku Blantyre foni itazima. Zili ngati kulozera mlendo kuti akhote pa mtengo wa mango wa kwa agogo ako, iye ali m'mudzi wina.

Pali kamsampha kena pomwepo. Kwa Windows, fayilo yotchedwa Relay ndi yotchedwa relay ndi imodzi. Kwa Linux ndi ziwiri zosiyana. Chilembo chimodzi chachikulu chingakuchezetse usiku wonse ukufunafuna chinthu choti chili pamaso pako.

Chimene ndimachita ine n'chakuti chilichonse chomwe ndajambula ndekha chimakhala mkati mwa foda ya ntchitoyo, ndipo njira yake ndimailemba ndi mawu akuti KIPRJMOD, omwe KiCad imawamva kuti ndi "pano pomwe pali ntchitoyi". Potumiza kwa munthu ndimamanga foda yonse mu zip, osati kutola fayilo imodzi. Relay ija tinachita kuiyeza miyendo n'kujambulanso phazi lake.

Ena amafunsa ngati ntchito ya mu pulogalamu ina ingasamukire mu inzake. Ingathe. KiCad imawerenga mafayilo a EAGLE, Altium ndi EasyEDA. Koma musaikhulupirire kwathunthu. Imachita ngati womasulira pa msonkhano: uthenga umafika, koma timawu tina timagwera m'njira. Zomwe zimasokonekera kawirikawiri ndi malamulo a mpata wa pakati pa mizere, zigawo zodzaza mkuwa, ndi zolemba za pa bolodi. Pa bolodi yogwira 230 V, mpata ukachepa ndiye moto umenewo. Mukasamutsa, yendetsani DRC, chida chofufuza zolakwika chimene chili mu pulogalamu iliyonse, ndipo werengani madandaulo ake onse, ngakhale atopetse.

Nkhani ya miyeso ndiye imandiwawa kwambiri, chifukwa siikuwa, imangodikira mabolodi afike. Aliyense wogula mbatata ya kachewere pa Tsangano kapena pa Lizulu amadziwa kuti ndowa ndi ndowa dzina lokha, umayamba waiyang'ana kunsi. Mu zamagetsi muli ndowa ziwiri: milimita ndi mil. Ku hadiweya tikati paipi ya "20 mil" timatanthauza mamilimita, koma mu mapulogalamu awa mil ndi 0.0254 mm, gawo limodzi mwa magawo 1000 a inchi. Miyendo ya zipangizo zambiri imatalikirana 100 mil, yomwe ndi 2.54 mm. Wina amati 2.54 ndi 2.5 n'chimodzimodzi. Pa miyendo iwiri simungaone kanthu. Pa mzere wa miyendo 20, wotsiriza umakhala utaphonya bowo lake ndi 0.76 mm, ndipo chipangizo sichilowa ngakhale muchimenye.

Ife a m'malire tilinso ndi lathu. Malaputopu ambiri kuno ndi a kaunjika, ena ochokera ku Joni, ena kutsidya ku Mozambique, ndipo amabwera atatcheredwa kulemba 2,54 m'malo mwa 2.54. Mndandanda wa zipangizo ndi wa malo ake pa bolodi umatuluka ngati CSV, fayilo imene imalekanitsa manambala ndi koma. Mukautsegula mu Excel ya laputopu yotere n'kuusunga, manambala amasakanikirana. Ngati simukusinthamo kanthu, musausunge n'komwe.

Ku fakitale sindimatumizako fayilo ya KiCad. Chomwe fakitale iliyonse imamva ndi Gerber, dzina lochokera kwa Joseph Gerber, yemwe kampani yake ku America inkapanga makina ojambulira mabolodi. Mtundu womwe tonse timagwiritsa ntchito, RS-274X, unatuluka mu 1998, ndipo lero amauyang'anira ndi a Ucamco ku Belgium. Mbali iliyonse ya bolodi imakhala ndi fayilo yake: mkuwa wapamwamba, wapansi, utoto wobiriwira, zolemba zoyera, m'mphepete modula. Mabowo ali ndi yawoyawo, ya mtundu wa Excellon, ndipo imeneyi ndiye anthu amaiwala kutumiza. Gerber siifunsa kuti munajambulira pa Windows kapena pa Linux. Kuipa kwake, ili ngati mbiya yoti yawotchedwa kale: mutha kuinyamula kupita nayo kulikonse, koma simungaiumbenso. Dongo lake ndi foda ija ya ntchito, choncho sungani zonse ziwiri.

Za mapulogalamu odula omwe amayenda m'mafulashi atathyoledwa loko, ine sindiwalola pa kompyuta ya mu shopu. Vairasi yomwe mnyamata uja ankaiopa nthawi zambiri imalowera kumeneko, ndipo ntchito yako imatsekeredwa mu fayilo yoti mnzako wa Linux kapena Mac sangaikonze.

Tisanatumize, tinapita kosindikiza mapepala pafupi ndi depoti. Ndinauza mtsikana wa pa makina kuti asindikize pa 100%, asalole makina kukuza kapena kuchepetsa chithunzi kuti chikwane pepala. Pepalalo tinaliyala pa katoni, n'kumabaya miyendo ya chipangizo chilichonse pamalo pake. Ma relay onse awiri analowa. Chomangira mawaya cha miyendo 6 chinachita kukakamira: mnyamata uja anajambula cha 5 mm, chomwe chinali m'thumba mwake chinali cha 5.08 mm. Anakonza, tinatulutsanso ma Gerber, ndipo foda yake anaipatsa dzina latsopano lokhala ndi "KiCad8" kumapeto asanathamangire minibasi ya ku Bembeke.