Ayi, Pulezidenti sangangochotsa wachiwiri wake

Nthawi iliyonse kukamveka kuti akuluakulu awiri a dziko sakumwerana madzi, mauthenga amayamba kuzungulira pa WhatsApp, ndipo mawa lake nkhaniyo imakhala yafika kale mumsika wa Zomba ndi pa depoti: akuti Pulezidenti wasainira kalata yochotsa wachiwiri wake. Limeneli ndi bodza.

Nduna, inde, akhoza kuichotsa ngakhale usiku, chifukwa anaisankha yekha. Koma wachiwiri amene anali naye pa pepala loponyera voti anasankhidwa ndi anthu. Malamulo aakulu a dziko lino amati munthu wotere amachoka akatula pansi udindo yekha, akamwalira, akadwala mpaka kulephera ntchito, kapena aphungu a Nyumba ya Malamulo akamuzenga mlandu n'kumupeza wolakwa. Pamenepa pamafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphunguwo, osati mkwiyo wa munthu mmodzi.

Ife a ku Zomba sitifunika kupita kutali. Mayi Joyce Banda, amene anakhalapo phungu wa Zomba Malosa, anachotsedwa m'chipani cha DPP mu 2010 ali wachiwiri kwa Pulezidenti, koma mpando wawo wa boma sunagwedezeke. Bingu wa Mutharika atamwalira mu Epulo 2012, iwowa ndi amene analumbira kukhala Pulezidenti.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti Pulezidenti akhoza kusiya kumupatsa ntchito wachiwiri wakeyo, ngati mmene Lazarus Chakwera anachitira ndi Saulos Chilima mu 2022. Ntchito zinalandidwa, koma Chilima anakhalabe wachiwiri kwa Pulezidenti.