Tchuthi cha uchembere m'mayunivesite a ku America: nkhani yagona pa kalasi ndi pa zaka

Ambiri amadabwa akamva kuti ku United States, chuma chonse chija, kulibe lamulo la dziko lonse lokakamiza olemba ntchito kulipira mayi amene wapita ku tchuthi cha uchembere. Lomwe lilipo ndi la 1993, lotchedwa FMLA (lamulo la tchuthi cha za banja ndi matenda), ndipo limapereka masabata 12 opanda malipiro. Limakusungira malo ako a ntchito. Komanso silifikira aliyense: uyenera kukhala utagwirapo ntchito pamalopo miyezi 12, ndiponso maola 1,250 m'chaka chapitacho. Kuno ku Malawi lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi masabata 8 ndi malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu. Choncho amene mukupita kukaphunzitsa kumeneko musaganize kuti zonse mukazipeza zokonzeratu.

Maboma ena a zigawo za dzikolo monga California ndi New York ali ndi ndondomeko zawo zolipira, koma m'madera ambiri yunivesite imadzipangira yokha malamulo. Zambiri zimatenga kubereka ngati matenda a kanthawi: masabata 6 kwa amene wachira bwinobwino, 8 kwa wa opaleshoni.

Pa ntchito ya mu ofesi zimenezi zikhoza kuyenda. Kwa mphunzitsi zimasokonekera, chifukwa semesita imatenga masabata pafupifupi 15. Kalasi yayamba kumapeto kwa Ogasiti, mwana wabadwa mu Okutobala. Mayeso a pakati pa semesita ali patebulo osachonga, ophunzira akudikira, ndiye apitirize ndani? Kawirikawiri ndi anzake a m'dipatimenti omwe amagawana makalasiwo, nthawi zina popanda kuwonjezeredwa kanthu. Anthu omwewa ndi amene mawa adzakhale pansi kukambirana ngati mayiyu akhazikike pa ntchito kapena ayi. N'chifukwa chake amayi ena akhala akuwerengetsera kuti mwana abadwe mu Meyi kapena Juni, pa holide yayitali, ngati kuti mimba imamvera kalendala ya sukulu. Njira imene ndimaiona yanzeru ndi ya University of California, komwe kholo latsopano limatha kuchotseredwa makalasi teremu yonse n'kumagwira ntchito zina zopepuka, malipiro osadulidwa.

Palinso nkhani ya tenure, kutanthauza kukhazikitsidwa pa ntchito mwakuti sungachotsedwe wamba. Mphunzitsi watsopano amapatsidwa zaka pafupifupi 6 kuti achite kafukufuku ndi kusindikiza zolemba zokwanira. Zikachepa, amapatsidwa chaka chotsanzikira n'kulongedza katundu. Zaka zimenezi zimagwera pa msinkhu womwewo umene anthu ambiri amabereka. Pofuna kuthandiza, mayunivesite anayamba kuwonjezera chaka chimodzi kwa mayi amene wabereka, ndipo Stanford inali kuchita izi kale mu 1971. Ena ankaopa kupempha chakachi poopa kuoneka aulesi, mpaka mu 2005 Princeton inayamba kuchipereka popanda munthu kupempha.

M'kupita kwa nthawi chaka chowonjezerachi chinayamba kuperekedwa kwa abambo omwe. Pomva zimakoma. Koma kafukufuku wa Heather Antecol, Kelly Bedard ndi Jenna Stearns, amene anatuluka mu 2018, anaunika madipatimenti 50 otchuka a maphunziro a zachuma ndipo anapeza zodabwitsa. Lamulo lopereka chakachi kwa makolo onse litakhazikitsidwa, mwayi woti mwamuna akhazikike pa yunivesite yake yoyamba unakwera ndi 17 pa 100 alionse, pomwe wa mkazi unatsika ndi 19. Abambo ankasindikiza zolemba zambiri m'magazini apamwamba a kafukufuku, pamene mayi, atangotuluka m'chikuta, thupi lisanabwerere m'malo, usiku akudzuka kuyamwitsa. Pofika tsiku lounika, mafayilo awiriwo ankaikidwa pa sikelo imodzi.

Sindikunena kuti abambo alandidwe tchuthi, ayi. Khanda limafuna manja a onse. Koma nthawi yoti thupi la wobereka lichire iziwerengedwa payokha, ndipo ya kulera mwana, ya makolo onse, ibwere pamwamba pake.

Amene ali pa moto weniweni ndi aphunzitsi aganyu, olipidwa pa kosi iliyonse. Ambiri mwa iwo maola 1,250 aja sawakwanitsa pa sukulu imodzi, ndiye FMLA siwakhudza. Palibe amene amawachotsa ntchito chifukwa cha pakati. Kontirakiti imangotha mu Disembala, ndipo ndandanda ya makalasi a mu Januwale imatuluka dzina lawo mulibe.