Koleji kuchepa ophunzira sikutanthauza kuti ndi yachabechabe

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva zoti makoleji aang'ono aboma ku America, ophunzitsa zinthu monga mbiri, zilankhulo ndi sayansi, amasowa ophunzira chifukwa maphunziro ake ndi osalongosoka. Zimenezi zanditopetsa, chifukwa nkhani yeniyeni ili pena.

Chuma cha dzikolo chitagwa mu 2008, mabanja anayamba kubereka ana ochepa, ndipo anawo ndi amene akumaliza sekondale tsopano. Makoleji onse akulimbirana ana omwewo. Ambiri mwa makoleji aang'onowa ali kumatauni akumidzi, pomwe mayunivesite akuluakulu amaonekera pa TV kudzera m'matimu awo a mpira. Makolo oopa ngongole amakankhira ana ku unamwino, bizinesi kapena zamakompyuta. Nawo makoleji omwe si aboma amachotsera fizi kwambiri kuti akope ophunzira.

Mungafufuze nokha pa intaneti. Onani kuti mwa ophunzira 100 alionse amamaliza angati, kalasi imakhala ndi anthu angati, komanso fizi imatsala zingati akachotsera thandizo la ndalama lomwe ophunzira amapatsidwa. Musanaone zimenezi, chonde musauze mwana wa mnzanu kuti koleji yotereyi ndi yotaya nthawi.