Phokoso la ekizozi si mphamvu ya injini

Kwa zaka zambiri eni galimoto akhala akukhulupirira kuti sailensa yolira kwambiri imawonjezera mphamvu ya injini, ndipo ena pogula yatsopano amasankha yapaipi yaikulu kuposa imene inabwera ndi galimoto. Maganizo amenewa ndi olakwika. Ntchito ya sailensa ndi kuchepetsa phokoso, ndipo imachita zimenezi podutsitsa utsi m'tizipinda momwe mafunde a phokoso amafafanizana, kapena pouyendetsa m'paipi yobowolabowola yokutidwa ndi ulusi wa galasi umene umameza phokosolo. Pa injini imene sinasinthidwe china chilichonse, kusintha sailensa yokha kumawonjezera mphamvu pang'ono kwambiri, moti dalaivala nthawi zambiri amangonamizidwa ndi makutu ake.

Paipi yaikulu mopitirira muyeso imathanso kuwononga zinthu, chifukwa utsi umayenda pang'onopang'ono m'menemo ndipo injini imafooka ikamazungulira motsika, monga ponyamuka. Zofunika kuyang'ana pogula ndi kukula kwa paipi kogwirizana ndi ekizozi yonse, malo omangirira, komanso chitsulo chake. Cha stainless steel sichichita dzimbiri msanga, makamaka pa galimoto yoyenda maulendo aafupi, pomwe madzi ochokera mu utsi amatsalira m'sailensa osauma.