Kaphikidwe ka zakudya zapamtima kopewetsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Munthu akapezeka ndi vutoli kapena ndi matenda a shuga, achibale amathamangira kumuletsa nsima, futali, chinangwa ndi zina zonse zimene adakulira nazo, koma lamulo lotere silikhalitsa pakhomo. Kwa mabanja a ku Mulanje ndi ku Thyolo, chofunika kusintha kwambiri ndi mlingo wa shuga, mchere, mafuta ndi soda zimene timathira pophika.

Tiyi amalimidwa kuno komwe, ndipo payekha alibe vuto. Vuto lili m'masipuni atatu kapena anayi a shuga amene amalowa m'kapu imodzi. Bungwe la WHO limalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi m'zakumwa asapitirire magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi masipuni aang'ono pafupifupi 12, ndipo limati kutsika kufika pa masipuni 6 ndi kwabwino koposa. Choncho amene amamwa makapu atatu a masipuni anayianayi amakhala atafika kale pamalire asanamwe thobwa lothira shuga kapena chakumwa cha m'botolo. Chepetsani theka la sipuni sabata iliyonse, chifukwa lilime limazolowera pang'onopang'ono. Ena amati shuga wathu amathiridwa vitamini A; izi n'zoona, koma vitaminiyu amapezekanso m'mapapaya, m'mango, m'maungu ndi m'mbatata yofiira mkati, imene imakomanso pa futali. Amayi oyembekezera ndi ana azimwa tiyi patapita ola limodzi atadya, popeza tiyi amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'ndiwo, amene amathandiza kupanga magazi.

Mchere wa munthu wamkulu usafike magalamu 5 pa tsiku, yomwe ndi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera zakudya zonse. Timibulu tokometsera ndiwo togula kugolosale tili kale ndi mchere wambiri, kotero wophika asankhe chimodzi, osathira zonse ziwiri mumphika umodzi. Nsomba zouma zothira mchere ziyambe zanyikidwa m'madzi, ndipo madziwo atayidwe. Kambale ka mchere kasamaikidwe pamphasa podya.

Nsima ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera chifukwa gaga amene amachotsedwa pokonola chimanga cha ufa woyera ali ndi michere komanso amathandiza m'mimba. Komabe mgaiwa nawonso umakweza shuga ukachuluka, choncho mitanda ichepe, ndipo nandolo, nyemba ndi masamba zichuluke m'mbale. Soda ndi chidulo zimafewetsa therere ndi nkhwani mwachangu, koma zimawononga ena mwa mavitamini. Masamba anthete amapsa bwino popanda zimenezi. Nsinjiro ndi yabwino kuposa mafuta ogula, bola mtedza usankhidwe bwino usanasinjidwe, chifukwa wachuku uli ndi poizoni wowononga chiwindi amene satha ngakhale mutawiritsa.

Pa chiwaya cha pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena pa Chitakale, yambani mwayang'ana mafuta. Ngati ada, akuchita thovu kapena akufuka utsi, ndiye kuti atenthetsedwa kambirimbiri, ndipo tchipisi chake n'chofunika kuchipewa. Kunyumba, nthochi zakupsa zimene zikanakhala zitumbuwa zikhoza kuphikidwa mkate wokulunga m'masamba a nthochi, umene sufuna mafuta kapenanso shuga. Chinangwa chophika kapena chootcha chimakhutitsa chimodzimodzi ndi chokazinga.

Pali zakudya ziwiri zimene kaphikidwe ka makolo sikayenera kufupikitsidwa. Kalongonda aziwiritsidwa nthawi yaitali ndi kusinthidwa madzi kangapo, chifukwa wosapsa bwino amachititsa chizungulire, kusanza ndi kusokonezeka mutu. Chinangwa chowawa chisendedwe, chinyikidwe m'madzi masiku angapo ndi kuyanikidwa mpaka kuuma chisanagayidwe.

Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikuonetsa zizindikiro, choncho munthu wamkulu aliyense azikayezetsa kuchipatala chapafupi kamodzi pachaka. Amene adayamba kale kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi (BP) kapena a shuga asawasiye chifukwa choti wasintha kadyedwe, kufikira dokotala atamuyeza ndi kumuuza zochita.